Mutu 11: Kusunga Backup ya Database Imene Ili mu VM

Mukatumiza ndalama pa foni, kapena mwana akalembetsa mayeso pa intaneti, kuseri kumakhala pulogalamu imene imalemba zomwe zachitikazo n'kuzisunga mwadongosolo kuti zidzapezeke mawa. Pulogalamu yotere imatchedwa database. Zodziwika kwambiri ndi PostgreSQL, MySQL, SQL Server ndi Oracle. Mwachitsanzo, DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi ndi maunduna a m'mayiko ena ambiri mu Africa amasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, imasunga zonse mu PostgreSQL.

Masiku ano database zambiri zilibe kompyuta yakeyake. Seva imodzi yamphamvu imagawidwa kukhala makompyuta angapo oyerekezera, iliyonse ndi Windows kapena Linux yake, memori yake ndi disiki yake. Kompyuta yoyerekezera yotereyi ndi virtual machine, mwachidule VM, ndipo pulogalamu imene imagawa sevayo ndi kuyang'anira ma VM onse ndi hypervisor. Nzeruyi ndi yakale, pakuti IBM inatulutsa VM/370 mu 1972 ya makompyuta ake akuluakulu. Inafika pa maseva wamba kudzera ku VMware, kampani yomwe inayamba mu 1998, kenako Xen mu 2003, KVM imene inalowa mu Linux mu 2007, ndi Hyper-V ya Microsoft mu 2008.

Kwa hypervisor, disiki yonse ya VM ndi fayilo chabe, kapena mafayilo angapo: .vmdk ku VMware, .vhdx ku Hyper-V, .qcow2 ku KVM. Apa ndi pamene ambiri amakopeka. Poti kompyuta yonse ndi fayilo, amati tingoikopera basi, database ibwera momwemo. Nthawi zina zimathekadi. Koma kope lotere limatengedwa ndi pulogalamu yoima kunja, imene siidziwa zomwe database ili nazo mkati pa nthawiyo. Backup yodalirika imafuna kuti wakunjayo ndi wamkatiyo amvane.

Zimene hypervisor siiona

Database yotanganidwa siilemba chilichonse pa disiki nthawi yomweyo. Disiki imachedwa poyerekeza ndi memori, choncho database imasintha zinthu mu memori kaye, n'kudzazitsitsira pa disiki pambuyo pake m'timagawo totchedwa masamba. Tsamba la PostgreSQL nthawi zambiri limakhala la 8 KB, la InnoDB ya MySQL la 16 KB. Ndiye kuti pa sekondi ina iliyonse, mafayilo a pa disiki amakhala otsalira m'mbuyo: masamba ena ndi atsopano, ena akale, ndipo lina lingakhale litalembedwa theka.

Taganizani za mlembi wa banki mkhonde. Membala akabweza ngongole, mlembi amayamba walemba mzere umodzi m'kabuku kakang'ono: wakuti wapereka zakuti, nthawi yakuti. Akapeza mpata ndi pamene amatsegula buku lalikulu, n'kuchotsa ndalamazo pa tsamba la ngongole ya membalayo ndi kuziwonjezera pa tsamba la thumba la gulu. Wina akabwera ndi foni n'kumajambula buku lalikululo tsamba ndi tsamba mlembi ali mkati molemba, zithunzi zake sizingagwirizane: tsamba lina lidzaonetsa ndalama zitalowa, lina zisanachoke. Koma akajambula buku lalikulu ndi kabuku kaja pa mphindi imodzi, munthu wina atha kutsata kabukuko n'kumaliza zomwe zinatsala.

Kabuku kameneka kali mu database iliyonse yamakono. PostgreSQL imakatcha WAL, InnoDB ndi Oracle zimati redo log, SQL Server imati transaction log. Lamulo lake ndi limodzi: chosintha chilichonse chilembedwe kaye mu log, ndipo log ifike pa disiki, database isanauze wogwiritsa ntchito kuti zatheka. Magetsi akazima mwadzidzidzi, database ikayakanso imawerenga log, kubwereza zomwe zinatsimikizidwa, ndi kutaya zomwe zinali zisanathe.

Pamenepa tingathe kusiyanitsa makope awiri amene amaoneka ofanana. Loyamba ndi la munthu amene akukopera mafayilo a database limodzi ndi limodzi iyo ikugwira ntchito. Kukopera 200 GB kumatenga nthawi, moti fayilo yoyamba ndi yomaliza zimachokera ku nthawi zosiyana, ndipo log singathe kuzilumikiza pokhapokha database itauzidwiratu. Kope lotere nthawi zambiri ndi lowonongeka, ngakhale litatsegula. Lachiwiri ndi snapshot, pamene hypervisor imagwira disiki yonse monga ilili pa kamphindi kamodzi. Database ikadzutsidwa kuchokera mu snapshot yotere imangoona ngati magetsi anazima, n'kudzikonza yokha ndi log yake. Akatswiri amati kope limeneli ndi crash-consistent.

Pali misampha iwiri. Ambiri amaika mafayilo a deta pa disiki ina ndi log pa disiki ina kuti ntchito izithamanga. Ngati madisiki awiriwo sanagwidwe pa kamphindi kamodzi, log ndi deta zimasemphana; buku la malangizo la PostgreSQL limachenjeza za zimenezi momveka. Msampha wachiwiri ndi wa database zopanda log yotere. Matebulo a MyISAM, omwe anali achizolowezi mu MySQL mpaka pamene MySQL 5.5 inaika InnoDB patsogolo mu 2010, sadzikonza okha motero, ndipo mapulogalamu akale ambiri akadali nawo.

Snapshot si backup

Ngakhale snapshot itagwira zonse bwino, payokha siiteteza kanthu ku ngozi yaikulu. Mukalamula snapshot, hypervisor siikopera disiki. Imangotseka fayilo yoyambayo kuti isalembedwenso, n'kutsegula fayilo ina yaing'ono yolandira zosintha zonse kuyambira pamenepo. N'chifukwa chake snapshot imatha m'masekondi ochepa. Koma fayilo yatsopanoyo ilibe tanthauzo popanda yoyamba, ndipo zonse ziwiri zimagona pa madisiki omwewo. Madisikiwo akafa, VM ndi snapshot zake zimafera limodzi.

Komanso snapshot ikakhalitsa imasanduka katundu. Fayilo ya zosintha imakula tsiku ndi tsiku, makamaka pansi pa database yomwe imalemba usana ndi usiku, mpaka kudzaza malo amene ma VM ena akudaliranso. Pochotsa snapshot, hypervisor imayenera kuphatikiza zosintha zonse mu fayilo yoyamba, ndipo kumapeto kwa ntchitoyi imaimitsa VM kwa kanthawi. Zosintha zikachuluka kanthawiko kamatalika, mapulogalamu olumikizana ndi database n'kuyamba kudandaula kuti siikuyankha. VMware yeniyeniyo imalangiza kuti snapshot isapitirire maola 72, ndiponso kuti ngakhale mzere wa ma snapshot 32 ndi wololedwa, ndi bwino kukhala ndi awiri kapena atatu okha.

Ntchito yoyenera snapshot ilipo. Musanaike mtundu watsopano wa pulogalamu, tengani snapshot. Zikavuta mubwerera, zikayenda muichotse tsiku lomwelo. Mapulogalamu a backup monga Veeam, kapena vzdump ya mu Proxmox, amadaliranso kugwira disiki pa kamphindi kamodzi, koma sathera pomwepo: amakopera zimene agwirazo kupita kwina, n'kumasula VM. Kope lomwe lapita kwinalo ndiye backup.

Kuuza database kuti ikonzeke

Crash-consistent ndi poyambira chabe. Palibe amene angakonde kuti chitetezo chake chonse chikhale chofanana ndi kuzima kwa magetsi. Njira yabwino ndi yakuti hypervisor igogode kaye, database ikonze zinthu zake, kenako snapshot itengedwe. Kope lotere limatchedwa application-consistent. Kuti kugogodako kumveke, mkati mwa VM mumaikidwa kapulogalamu kolumikizira: VMware Tools, qemu-guest-agent ku KVM ndi Proxmox, kapena Integration Services ku Hyper-V.

Mu Windows ntchitoyi ili ndi mkhalapakati wake, Volume Shadow Copy Service kapena VSS. Pulogalamu ya backup imapempha VSS, VSS imauza SQL Server kudzera mu kagawo kake kotchedwa SQL Writer, ndipo SQL Server imaimitsa kulemba. Nthawi ndi yowerengeka: mapulogalamu saloledwa kuimitsidwa kupitirira masekondi 60, ndipo kugwira disikiko sikuyenera kupitirira masekondi 10. Nthawi ikatha zisanatheke, VSS imalephereratu. Mapulogalamu ena a backup amaikidwa kuti zikatero apitirize ndi kope la crash-consistent, n'kungolemba chenjezo m'lipoti. Wosawerenga lipoti amakhala miyezi akuganiza kuti ali ndi zimene alibe.

Linux ilibe VSS. Ili ndi fsfreeze, lamulo lomwe limatsitsira pa disiki zonse zimene dongosolo la mafayilo linasunga mu memori n'kuimitsa kulemba. Izi zimathandiza, koma fsfreeze siilankhula ndi database. Woyang'anira ndi amene amalemba timalamulo tiwiri, kena kothamanga snapshot isanatengedwe ndi kena itatengedwa. Ku MySQL koyambako kamakhala ndi FLUSH TABLES WITH READ LOCK, ndipo loko ameneyu amagwira pokhapokha ngati kulumikizana komwe kunamuika kukadali kotsegula. Kalamulo kamene kamaika loko n'kutuluka nthawi yomweyo kamakhala katamumasula snapshot isanayambe.

Backup imene database imadzitengera yokha

Tsono ngakhale kope la VM litakhala langwiro, limangokubwezerani ku nthawi imene linatengedwa. Ngati limatengedwa 1 koloko usiku, ndipo wina wafufuta tebulo la malipiro 4 koloko masana, ntchito ya maola 15 yapita. Ndiponso kuti mupeze tebulo limodzilo, mwina muyenera kudzutsa VM yonse pambali.

Apa ndi pamene zida za database yeniyeniyo zimaposa. Zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba umatulutsa zamkati zonse ngati malamulo amene angamangenso database kwina: pg_dump ku PostgreSQL, mysqldump ku MySQL. Kope lotere ndi losavuta kusamutsa ndipo mutha kutengamo tebulo limodzi, koma database ikakula kubwezeretsa kumatenga maola ambiri. Mtundu wachiwiri umakopera mafayilo enieniwo database ikudziwa ndi kuthandizira: pg_basebackup ndi pgBackRest ku PostgreSQL, Percona XtraBackup ku MySQL, RMAN ku Oracle, ndi lamulo la BACKUP DATABASE ku SQL Server.

Mphamvu ya mtundu wachiwiriwu imaoneka mukausanjikiza ndi log. Ngati zidutswa za log zikutumizidwa kunja kwa VM mosalekeza, mutha kubwezeretsa kope la usiku, kenako n'kuuza database kuti itsate log mpaka 3:59 masana, mphindi imodzi tebulo lisanafufutidwe, n'kuima pomwepo. PostgreSQL inayamba kutha zimenezi mu mtundu 8.0 wa mu 2005. MySQL imachita chimodzimodzi ndi binary log, SQL Server ndi ma backup a transaction log.

Choncho nzeru ndi kukhala ndi zonse ziwiri. Kope la VM limabwezeretsa msanga kompyuta yonse, ndi Linux kapena Windows yake ndi makonzedwe ake. Backup ya database imabwezeretsa zolembedwa mpaka mphindi imene mukufuna. Koma ziwirizi zikapanda kudziwana zimapondana. Ku SQL Server, ma backup a log amapanga unyolo, ndipo chidutswa chimodzi chikasowa simungadutse pamenepo. Pulogalamu ya backup ya VM ikapatsidwa ufulu wodula log ikamaliza, imadula unyolo umene woyang'anira database akudalira. Ingathenso kusokoneza ma backup a differential, omwe amawerengera kuchokera pa backup yathunthu yomaliza. Mankhwala ake ndi kuika kope la VM kukhala copy-only, ndi kugwirizana kuti log ili m'manja mwa munthu mmodzi. M'mabungwe ambiri wa maseva ndi wa database ndi anthu awiri osiyana, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akusamala.

Ena amati ali ndi seva yachiwiri yomwe imalandira chilichonse cholembedwa pa yoyamba, ndiye backup n'njosafunika. Seva yachiwiriyo imathandiza yoyamba ikafa. Koma lamulo lofufuta tebulo limafikanso kumeneko m'kamphindi, n'kufufuta chimodzimodzi.

Kope lichoke pakhomo

Backup yosungidwa pa disiki ya VM yomweyo, kapena pa VM ina ya pa seva yomweyo, imagawana tsoka ndi chimene ikuteteza. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kumalo ena.

Pa 10 Malichi 2021 moto unabuka pa malo a maseva a kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France. Nyumba imodzi, SBG2, inapseratu, ina inawonongeka mbali. Makasitomala ena amene makope awo anali pamalo omwewo anataya zonse. Mu Juni 2014 kampani yaing'ono ya Code Spaces inatsekedwa pamene wachiwembu analowa mu akaunti yake ya Amazon Web Services n'kufufuta deta, ma snapshot ndi ma backup, chifukwa zonse zinkatsegulidwa ndi kiyi mmodzi. Mu Febuluwale 2023 pulogalamu yolanda yotchedwa ESXiArgs inagwira maseva a VMware ESXi masauzande angapo m'mayiko osiyanasiyana, ndipo inkalunjika mafayilo a ma VM enieniwo, osavutika kulowa mkati mwake.

Nkhani zitatuzi zikuonetsa kuti kumalo ena kuli pawiri. Kope likhale m'nyumba ina, kutali ndi moto, madzi osefukira ndi mbava. Likhalenso pansi pa kiyi wina, kapena pa chosungira chimene sichilola kufufuta nthawi isanakwane, kapena pa tepi ndi disiki yochotsedwa n'kuikidwa m'kabati. Kumene intaneti ndi yodula kapena yochedwa, kutumiza VM yonse usiku uliwonse n'kovuta, koma zidutswa za log ndi zazing'ono, ndipo kope lathunthu litha kuyenda pa disiki sabata ndi sabata. Popeza kopelo lili ndi mayina a anthu, ndalama zawo kapena matenda awo, liyenera kutsekedwa ndi encryption, kiyi wake asungidwe kunja kwa seva imene ikutetezedwayo.

Zimene zinachitikira GitLab

Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab ankakonza seva yachiwiri ya PostgreSQL imene inatsalira m'mbuyo. Anafuna kufufuta mafayilo a pa seva yachiwiriyo kuti ikopere mwatsopano, koma lamulolo analiperekera pa seva yoyamba. Pamene ankaliimitsa, mwa pafupifupi 300 GB munali mutatsala 4.5 GB.

Kampaniyo inali ndi njira zingapo zotetezera, ndipo inafotokoza poyera mmene iliyonse inalepherera. Seva yachiwiri inali itafufutidwa kale. Backup ya pg_dump inkayenera kutengedwa tsiku lililonse, koma malo ake osungira anapezeka opanda kanthu: pg_dump yomwe inkathamanga inali ya mtundu 9.2 pamene database inali 9.6, choncho inkalephera. Maimelo odziwitsa za kulepherako ankakanidwa ndi seva yolandira makalata, moti palibe amene anawaona. Ma snapshot a madisiki ku Azure, kumene ma VM awo anali, sanayatsidwe pa maseva a database. Chimene chinawapulumutsa ndi snapshot ya disiki imene injiniya anatenga pamanja pafupifupi maola 6 ngoziyo isanachitike, pofuna kuyesera zinthu pa seva ina. Kukopera deta kuchokera kumeneko kunatenga pafupifupi maola 18 chifukwa madisiki ake anali ochedwa. Zolembedwa za maola 6 aja zinatayika: mapulojekiti pafupifupi 5,000, ndemanga pafupifupi 5,000, ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700.

GitLab sinasowe zida kapena akatswiri. Chinasowa ndi munthu wopatsidwa udindo wotenga backup n'kuyesa kuibwezeretsa. Akanayesa kamodzi kokha, akanapeza malo opanda kanthu aja nthawi ikadalipo.

Kuyesa kubwezeretsa

Bungwe lililonse liyenera kuyankha mafunso awiri lisanasankhe zida. Tingapirire kutaya zolembedwa za nthawi yaitali bwanji? Nanga tingakhale maola angati ntchito itaima? Akatswiri amatcha yankho loyamba RPO, lachiwiri RTO. Laibulale ya sukulu itha kupirira kutaya za tsiku limodzi, ndipo kope la VM la usiku ndi pg_dump zikwanira. Bungwe losunga ndalama za anthu silingataye ngakhale za mphindi 5, choncho liyenera kutumiza log kunja mosalekeza. Mayankho amenewa ndi a eni bungwe, osati a katswiri wa makompyuta yekha, chifukwa amakhudza ndalama.

Ubwino wa ma VM ndi wakuti kuyesa n'kotsika mtengo. Kale pankafunika seva ina yogula. Lero mutha kudzutsa VM yoyeserera kwa ola limodzi n'kuifufuta. Idzutseni pa netiweki yotsekedwa, kuopa kuti ingayambe kutumizira makasitomala mauthenga kapena kulimbirana adiresi ndi VM yeniyeni. Kuyaka kwa VM sikokwanira. Onani kuti database yatsegula popanda madandaulo mu log yake. Iuzeni idzifufuze yokha, ndi DBCC CHECKDB ku SQL Server kapena pg_amcheck ku PostgreSQL. Funsani cholembedwa chomaliza n'kuona nthawi yake, pakuti imeneyo ndiyo RPO yanu yeniyeni. Werengani maola kuyambira pamene munayamba mpaka pamene munthu wamba atha kulowa n'kugwira ntchito, pakuti imeneyo ndiyo RTO yanu yeniyeni.

Ndondomeko yonse ilembedwe, ndipo kope la malangizowo lisagone mu VM imene ikufunika kubwezeretsedwayo. Uthenga wa backup uzibwera ikatheka, osati ikalephera pokha, kuti chete azikudabwitsani. Ndipo ulendo wina woyesa uperekedwe kwa munthu amene sanakonze dongosololi, atsate pepala yekha popanda womunong'oneza. Paliponse pamene wakakamira, pepalalo likonzedwe tsiku lomwelo, ndipo deti la kuyesa kotsatira lilembedwe pamodzi ndi dzina la amene adzayese.